ANAKAFUNANJI KU MANDALA?

Mau amene analankhulidwa pa msonkhano wa nthambi mwezi wa January. Tawalemba onse kuti mamembala amene sanafike awerengerane m'midzi.

 Ndathokoza kuti mwasiya makasu m'minda nyengo ino ya kupalira ndi kubwera kudzamva mau. Ndiyesetsa kuti mvula isatipeze pano.

Komiti inandipatsa mutu wa nkhondo ya John Chilembwe ya chaka cha 1915. Nkhaniyi njodziwika. Mwana wa sukulu ali yense akhoza kukuuzani kuti ku Magomero kunafa Mzungu wa pa esiteti, ndi kuti mutu wake unanyamulidwa kunka nao ku Mbombwe. Chaka ndi chaka pa 15 January timakumbukira dzina la Chilembwe, ndipo nkhope yake tili nayo pa ndalama m'matumba mwathumu. Koma pali mbali ina ya nkhaniyi imene timaidumpha, chifukwa siikoma kuisimba. Usiku womwe uja wa ku Magomero, gulu lina la anthu a Chilembwe, amuna ngati 100, linayenda pansi kunka ku Blantyre kukathyola nyumba yosungiramo zida ya kampani ya Mandala. Anabwerako ndi mfuti zisanu ndi zipolopolo pang'ono, basi.

Tsono funso langa ndi ili: anakafunanji ku Mandala? Mzungu amene ankawazunza sanali kukhala ku Blantyre. Minda imene ankailirira sinali kumeneko ai. Ine ndikuti ulendo wolephera umenewu ndiwo umboni waukulu pa mlandu wonsewu. Tiyeni tiuzenge monga tichitira pa bwalo la mfumu. Poyamba timve zimene zinachitika. Tikatero tiitane mmodzimmodzi amene anapereka zifukwa zao, tione ngati mau ao akugwirizana ndi mapazi amene anatsala pa njira ya ku Blantyre.

ZIMENE ZINACHITIKA

Chilembwe anali mwana wa ku Chiradzulu. Mu 1897 anapita ku America pamodzi ndi mmishoni Joseph Booth, naphunzira ubusa ku Lynchburg, m'chigawo cha Virginia. Anabwera mu 1900 nakhazika mishoni yake ku Mbombwe, imene tiidziwa ndi dzina la P.I.M. Kumeneko anatsegula sukulu, amai anaphunzira kusoka, anthu analimbikitsidwa kulima ndi kudzisamala, ndipo pofika 1913 anali atatsiriza tchalitchi chachikulu cha njerwa. Zaka 14 zathunthu munthuyu sanagwire mkondo. Mfundo imeneyi muisunge, tidzaifuna kutsogoloku.

Loweruka pa 23 January, 1915, kutada, anthu ake anagawikana. Ena analunjika ku Magomero, likulu la minda ya A. L. Bruce, napha Mzungu woyang'anira mindayo, William Jervis Livingstone, amene anthu ankamutcha Listonia. Anaphanso Duncan MacCormick, ndi Robert Ferguson ku Mwanje. Akazi ndi ana a Azunguwo anawatenga, koma sanawapweteke, ndipo pambuyo pake anawaleka apite ali bwinobwino. Ena anadula mawaya a lamya kuti mbiri isafulumire kufika ku Boma. Ku Ntcheu, Filipo Chinyama anayenera kudzuka ndi anthu ake kukagwira boma la kumeneko. Ndipo gulu lija la 100 linatsata njira ya ku Blantyre.

Anyamata ena pano mwina simudziwa kuti Mandala inali chiani masiku amenewo. Inali kampani ya African Lakes, imene inayambira ku Glasgow mu 1878, ndipo oyang'anira ake oyamba anali pachibale pao, John ndi Frederick Moir. Dzina loti Mandala linachokera ku magalasi amene John Moir ankavala kumaso. Kampaniyi inali ndi masitolo m'maboma, ndi sitima pa mtsinje wa Shire ndi pa nyanja, ndipo pa likulu lake ku Blantyre inkasunga mfuti ndi zipolopolo. Kunalinso nsalu, mchere, makasu, chuma chonse chimene munthu wa kumudzi angachisirire.

Anafikako mbandakucha wa Lamulungu pa 24 January, mzinda uli mtulo, mbiri ya ku Magomero isanamveke. Mlonda wa pamalopo, munthu wakuda mnzao, anaomberedwa nafa. Phokosolo linadzutsa Azungu, amene anatuluka ndi zida zao. Anthu a Chilembwe anabwerera ndi mfuti zisanu zija. Ena anagwidwa, ndipo Boma silinachedwe kuwapha.

Zotsala zinayenda msanga. Pa 25 January asilikali a Boma anayesa kulowa Mbombwe nabwezedwa. Pa 26 anthu a Chilembwe anatentha mishoni ya Akatolika ku Nguludi navulaza wansembe. Asilikali atabweranso anapeza Mbombwe ali bwinja, ndipo tchalitchi chija anachiphulitsa. Za ku Ntcheu zinafera m'mazira. Pa 3 February Chilembwe anaomberedwa ndi apolisi akuda cha ku Mulanje, ali pa ulendo wolowera ku dziko la Apwitikizi. Masabata awiri asanakwane, zonse zinali zitatha.

Mlandu ndi umenewo. Tsopano tiitane mboni.

AMENE AMATI ANATUMIDWA

Nthawi imeneyo Angerezi anali pa nkhondo ndi Ajeremani, amene ankalamulira dziko la kumpoto kwathuku limene pambuyo pake linatchedwa Tanganyika. Chotero kunali kwapafupi kunena kuti munthu wakuda sangaganize zotere payekha, alipo amene wamutuma. Ndipo nzoona kuti Chilembwe analembera kalata Ajeremani. Koma taonani nthawi yake ndi njira yake. Kalatayo inanyamuka zinthu zitayamba kale, m'manja mwa mthenga wa pansi, kudzera m'dziko la Apwitikizi mpaka ku Tunduru. Pamene yankho linkabwera, mwini kalata anali atafa. Munthu amene wapangana kale ndi mnzake sayamba kumufunafuna tsiku la ntchito. Ndiponso Ajeremani akadakhala kumbuyo kwake, akadampatsa zida. Anthu amene apatsidwa mfuti sayenda usiku wonse ndi mikondo ndi nkhwangwa kukafuna mfuti kwa mdani. Mboni imeneyi ikhale pansi.

MAU A BOMA

Boma la atsamunda linakhazika komishoni yofufuza, imene inatulutsa lipoti lake mu 1916. Inati cholinga cha Chilembwe chinali kupha kapena kupirikitsa Azungu onse, ndi kukhazika ufumu wa anthu akuda m'dzina la chipembedzo, iye mwini ali pa mpando. Inaloza chala maphunziro a mishoni, makamaka mipingo yoyendetsedwa ndi anthu akuda popanda Mzungu woiyang'anira. Inavomeranso kuti pa minda ya Bruce anthu sanali kusungidwa bwino.

Pa mau oti ankafuna kupha Azungu onse, yankho lili poyera. Akazi ndi ana anali m'manja mwao usiku, kutchire, popanda wowaletsa, ndipo anabwerera amoyo. Azungu amene anafa anali amuna atatu, onse a pa minda ya mwini mmodzi.

Za chipembedzo nazo tizione bwino. Nzoona kuti masiku amenewo kunali mphepo ya ulosi m'dziko muno. Elliot Kamwana, amene anabatiza anthu zikwizikwi ku Utonga mu 1908 ndi 1909, ankalalikira kuti maufumu a dziko lapansi adzatha mu October 1914. Nkhondo itabuka mu August chaka chomwecho, ambiri anati ndi zija. Mu 1971 akatswiri a mbiri Jane ndi Ian Linden analemba kuti chiyembekezo chotere chinalinso pakati pa anthu a ku Mbombwe, ndipo sitingakane kuti ena ananyamula mkondo akukhulupirira kuti tsiku la Ambuye lafika. Anali anthu a Baibulo, ndipo ankalankhula chilankhulo cha Baibulo. Koma Kamwana mwini wake, amene panthawiyo Boma linali kumusunga ku Mulanje, sanalowe nao. Ndipo munthu amene akudikira kuti Mulungu agwetse maufumu sadula waya wa lamya. Wodula waya ndi munthu amene wawerengera maola amene asilikali angatenge kuchoka ku Zomba.

Komabe m'mau a komishoni muli choona chimodzi chimene ife eni ake timachiiwala. Adani a Chilembwe anavomera okha kuti diso lake linali pa ulamuliro wa dziko. Sanamuone ngati munthu wokwiyira bwana mmodzi.

AMENE AMATI KUNALI KUBWEZERA

Mboni iyi ndi yathu yomwe, ndipo ndiyo timaikonda. Imati Listonia anali wankhanza, anthu anatopa naye, namupha. Nkhanzazo zinalipodi, ndipo ndifuna ndizitchule bwino, pakuti agogo a ena a ife anazilawa.

Minda ya Bruce ku Magomero inali maekala oposa 160,000, dziko lalikulu kuposa la mafumu ambiri. Ochuluka mwa anthu okhala m'menemo anali Alomwe amene anathawa nkhanza ndi njala ku dziko la Apwitikizi, anthu opanda kwina kopita. Pangano linali loti munthu agwire mwezi umodzi wa thangata kulipira malo amene wamangapo, ndi mwezi wina wa msonkho. Koma mwezi wa pa esiteti sunali mwezi wa kumwamba uja timauona tonse. Unali mwezi wa pa tikiti. Ukalephera kutsiriza ndime ya tsikulo, tsikulo silinalembedwe. Motero miyezi iwiri inkatalika kufika isanu kapena kuposa, ndipo inkagwa m'dzinja, nthawi imene munthu ayenera kukhala m'munda mwake. Inu alimi mudziwa chimene chimatuluka m'munda wosapalira. Malipiro nthawi zina anali fodya m'malo mwa ndalama, ndipo chikoti sichinali patali. Amai amasiye nao sanasiyidwe. Mu 1912 Boma linakweza msonkho wa nyumba kufika masheleni 8, kapena 4 kwa amene wagwirira ntchito Mzungu, pamene zaka za 1912 ndi 1913 kunali njala. Eni mindayo analetsa sukulu pa malo ao, ndipo nyumba zopemphereramo za udzu zimene anthu a P.I.M. anamanga zinatenthedwa.

Zonsezi zikulongosola bwino mikondo ya ku Magomero. Koma sizikulongosola njira ya ku Blantyre. Munthu wofuna kubwezera amapita pakhomo pa amene anamulakwira, ndipo akatha, watha. Listonia anafa usiku wa Loweruka ndi mkondo ndi nkhwangwa, popanda mfuti ya ku Mandala ngakhale imodzi. Nanga mfutizo zinali za yani? Nanga ku Ntcheu, ulendo wa masiku, kumene Listonia analibe munda kapena kapitao, kunali mlandu wanji?

Taonaninso amene anaima pafupi ndi Chilembwe. John Gray Kufa sanali munthu wa thangata. Anali mkulu wa mpingo wa ku Blantyre Mission, wophunzira ntchito ya chipatala, ndipo anali ndi malo akeake ku Nsoni. Duncan Njilima anali wamalonda wodziimira payekha. David Kaduya anali atakhalapo msilikali wa Boma. Anthu otere chikoti cha ku Magomero sichinali kuwafika pamsana. Chimene chinkawawawa chinali china: kuti ngakhale uphunzire motani, ngakhale ulemere motani, ukakumana ndi Mzungu pa mseu uyenera kuvula chipewa, iye osakuyankha n'komwe. Nkhani ya chipewayi inamveka mobwerezabwereza pamaso pa komishoni ija, ndipo umboni wa anthu amene analankhula kumeneko unasindikizidwa ndi John McCracken mu 2015. M'gulu limodzi munali njala ya wathangata ndi manyazi a wophunzira. Imfa ya Mzungu mmodzi sikadachiritsa ngakhale chimodzi mwa ziwirizi.

AMENE AMATI ANAFUNA KUFA

Mboni yachinai ndi George Simeon Mwase, kalaliki wachitonga amene analemba mbiri ya Chilembwe cha m'ma 1931 ndi 1932. Zambiri anazimva m'ndende ya Zomba kwa Wallace Kampingo, mmodzi wa anthu a Chilembwe amene anamangidwa. Buku lakelo linasindikizidwa mu 1967. Mwase akuti Chilembwe anadziwiratu kuti sangapambane, ndipo anauza anthu ake kuti achite kamodzi kokha kenaka afe, kuti mwazi wao ukalankhule m'makutu a Boma. Akumufanizira ndi John Brown wa ku America, amene anafera akapolo.

Mau amenewa ngokoma, ndipo muli choona. Chilembwe sanali mwana. Ankadziwa mphamvu ya Angerezi, ndipo ankadziwa kuti chingwe chili pafupi. Mwase akutiuzanso kuti analetsa anthu ake kukhudza akazi, ana ndi chuma, ndipo zimene zinachitika zikuvomereza: ku Mandala, pakati pa katundu yense uja, anabwerako ndi zida zokha. Koma kumbukirani kuti Mwase analemba patapita zaka 16, akudziwa kale mathero ake. Wosimba amene akudziwa kumene njira inathera amaiongola kuyambira pa chiyambi.

Ndipo John Brown yemweyo anachita chiani? Mu October 1859 anathyola nyumba ya zida ya Boma ku Harpers Ferry, m'chigawo chomwe chija cha Virginia kumene Chilembwe anadzaphunzira. Sanapiteko kukangofa. Anapita kukatenga mfuti zoti agawire akapolo amene ankayembekeza kuti adzamutsata. Akapolowo sanabwere monga anayembekezera, iye nagwidwa, nanyongedwa mu December chaka chomwecho. Chotero ngakhale fanizo la Mwase likutibwezera ku nyumba ya zida. Wofuna kungofa mkondo umodzi umukwanira. Sadula lamya, satuma mthenga ku Ntcheu, ndipo zikavuta salunjika ku malire monga anachitira Chilembwe. Anali wokonzeka kufa, inde. Koma kukonzekera imfa ndi kuifunafuna ndi zinthu ziwiri.

Enanso amati anali ndi ngongole, mphumu inali kumusautsa, maso anali kufooka, kotero anataya mtima. Mavutowo analipo. Koma ngongole ya munthu mmodzi siyendetsa amuna 100 usiku.

NKHONDO YA ENI AKE

Tsono ndibwerere ku zaka 14 zija. Thangata linalipo kale. Chipewa chinkavulidwa kale. Nchifukwa ninji munthu amene anapirira zaka zonsezo anadzuka mu January 1915, osati mu 1910 kapena mu 1913, chaka cha njala? Chatsopano chinali chimodzi: nkhondo ya Azungu.

Pa 13 August, 1914, sitima ya Guendolen inaombera sitima ya Ajeremani pa nyanja yathu yomweyi. Pa 9 September kunamenyedwa nkhondo ku Karonga. Mbali zonse ziwiri, ambiri amene anagwa anali asilikali akuda, otsogoleredwa ndi Azungu owerengeka, akuphana pa mkangano umene unayambira ku Ulaya. Aka sikanali koyamba. Anyamata a dziko lino anali atatumizidwa kale kukamenya nkhondo kwa Ashanti mu 1900, ndiponso ku Somaliland.

Mu November 1914 Chilembwe analembera kalata nyuzi ya Nyasaland Times. Mfundo zake zinali izi: anthu akuda akhala akutayira Boma mwazi wao pa nkhondo zake, koma mtendere ukabwera zabwino zonse zimapita kwa Azungu; ngati pali omenyana, apite olemera ndi eni minda, pakuti nkhondoyo ndi yao; wosauka akafa sasiya kanthu koma mkazi wamasiye ndi ana ovutika. Taonani, abale, munthuyu anayamba ndi cholembera. Anagogoda pa khomo la kumaso, masana, dzina lake atalisaina. Boma linaletsa kalatayo kuti anthu asaiwerenge, ndipo Bwanamkubwa George Smith anayamba kukonza zomuchotsa m'dziko muno.

Nkhondoyi tsono inachita zinthu zitatu. Inaonjeza dandaulo lotsiriza pamwamba pa thangata ndi chipewa: kuti amene wakulanda munda ndi ulemu akufunanso moyo wa mwana wako. Dandaulo limeneli ndilo linakhudza wathangata ndi wophunzira mofanana. Chachiwiri, inatsegula mpata, pakuti asilikali ambiri ozolowera nkhondo anali kumpoto kuyang'anira malire, kum'mwera kuno kutatsala ochepa. Chachitatu, inafupikitsa nthawi, pakuti Chilembwe akadadikira akadatengedwa.

Apa ndipo yankho la funso langa likuonekera. Amuna 100 sanapite ku Mandala kukadzifunira mfuti za iwo okha. Amene athyola nyumba yonse ya zida akuyembekeza khamu. Ine ndiona kuti mfutizo zinali za anthu amene anali asanabwere: a m'minda ya Azungu ya ku Chiradzulu ndi Mulanje, a ku Ntcheu, onse amene Chilembwe anakhulupirira kuti akamva kuti Magomero wagwa ndipo zida zapezeka, adzadzuka. Magomero anali ng'oma yoitanira anthu. Mandala ndiye anali nkhokwe yoti anthuwo akafika adye. Cholinga chinali kugwira dziko la kum'mwera pamene Boma linali litatembenukira kumpoto, kuti mwina alilamulire okha, kapena Boma likakamizike kumva zimene linakana kuwerenga m'kalata.

Ndipo pa za nkhondoyo, mbusayu anaona patali. Pamene inkatha mu 1918, amuna a dziko lino pafupifupi 19,000 anali atalowa usilikali, ndipo ngati 200,000 anali atasenza katundu pa mtengatenga, m'dziko limene mu 1921 munali anthu ngati 1,200,000 okha. Ambiri anafera m'njira ndi njala ndi matenda. Zimene analemba mu November 1914 zinachitika mudzi ndi mudzi.

CHIMENE CHINASOWA

Nkhokwe sinatseguke, ndipo khamu silinabwere. Pamenepa tisanamizane. Zinakonzedwa mobisa ndi mofulumira, pakati pa anthu ochepa a mpingo ndi abwenzi ao. Mafumu ambiri anakhala patali. M'midzi yambiri anthu anangomva kuti kwachitika zoopsa, osadziwa kuti nzotani kapena kuti iwo achite chiani. Amene analondola othawa m'tchire, ndi amene anaombera Chilembwe, anali anthu akuda anzake. Mutu umodzi susenza denga.

Mtengo wake unali wowawa. Anthu oposa 30 anaphedwa ndi Boma ataweruzidwa, pakati pao Kufa, Njilima ndi Chinyama. Pafupifupi 300 anaponyedwa m'ndende. Ena anaphedwa m'tchire popanda mlandu kuzengedwa, nyumba zinatenthedwa, ambiri anathawira ku dziko la Apwitikizi. P.I.M. inatsekedwa mpaka 1926, pamene Dr. Daniel Malikebu anaitsegulanso. Ndipo tisaiwale kuti amene anagwa ku Mandala anali mlonda, munthu wosauka amene anali pa ntchito yake usiku, ndi kuti ku Nguludi kunapsa nyumba ya mapemphero monga zinapsera za ku Magomero. Tikamalemekeza olimba mtima a 1915, mlonda uja tisamufafanize m'kaundula. Njira ya mfuti imayamba kudya wapafupi.

TITENGEPO CHIANI

Wina angafunse: zaka zoposa 100 zapita, kukangana za chifukwa kuli ndi phindu lanji? Phindu lake ndi ili: chifukwa chili chonse chimene chimaperekedwa chili ndi amene chimamupeputsira katundu. Ukati anatumidwa ndi alendo, ndiye kuti eni dziko analibe dandaulo. Ukati chinali chipembedzo chosokonekera, ndiye kuti mankhwala ake nkutseka tchalitchi. Ukati anali Listonia yekha, ndiye kuti Listonia atafa mlandu unatha. Koma thangata linakhalabe mpaka 1962, zaka 47 Listonia ali m'manda. Ndipo ukati anangofuna kufa, ndiye kuti ntchito yathu nkumuimbira kamodzi pa chaka ndi kubwerera kunyumba. Mayankho onsewa amatisiya titakhala pansi. Njira ya ku Mandala yokha ndiyo imatiuza kuti anthuwa anali ndi cholinga, anachiganizira, ndipo chinawakanika chifukwa anzao sanakonzedwe.

Nzeru imeneyi ikugwira ntchito ndi lero lomwe. Anthu a kumudzi akadandaula za malo, kapena za mtengo wa mbeu zao, mau oyamba kumveka ndi akuti alipo amene akuwatuma. Mukamva mau amenewo, kumbukirani 1915, ndipo funsani kuti dandaulo lenilenilo layankhidwa kodi.

Kumbukiraninso mmene ufulu unadzera. Sunatuluke m'nyumba ya zida. Unadzera m'mabungwe a m'maboma amene anayamba ndi la ku North Nyasa mu 1912, mu Congress ya 1944, m'kukana Chitaganya kuyambira 1953, m'masautso a March 1959, m'chisankho cha 1961, kufikira pa 6 July, 1964. Chimene chinasowa mu 1915 ndicho chinapezeka pamenepo: nthambi m'mudzi uli wonse, anthu odziwana, odziwa chimene akufuna ndi tsiku lochichita. Zida zathu ife ndi msonkhano uno, buku la mlembi, kalata yosainidwa ndi mudzi wonse, ndi voti. Kalata ya Chilembwe inatheka kuibisa chifukwa inali ndi dzina limodzi. Ya maina 500 siibisika.

Chotero pempho langa ndi laling'ono. Msonkhano wa mwezi wa mawa, ali yense abwere ndi mnzake mmodzi amene sanafikepo. Amene muli ndi madandaulo a malo, a misika, a ngongole za feteleza, muwapereke kwa mlembi awalembe, ndi tsiku lake ndi mboni zake, kuti tikapita kukalankhula tisapite ndi mkwiyo wokha. Ndipo inu mafumu athu, musatisiye tokha pa bwalo monga anasiyidwira a ku Mbombwe.

Mitambo yayamba kuda cha kum'mawaku. Bambo wa pa Mpando, mau anga athera pomwepa.